Opaleshoni yochepetsa kunenepa: zimene muyenera kuyembekezera musanalowe m'fiyeta komanso mutatuluka m'chipatala

Munthu amene madokotala amuuza kuti kunenepa kwake kwafika poika moyo pachiswe, n'kumutchulira za opaleshoni, maganizo ake onse amakonda kuthamangira pa tsiku lolowa m'fiyeta. Amafuna kudziwa ngati adzadzuke bwino, kukula kwa chilonda, ndiponso ululu umene adzamve. Mafunso amenewa ndi oyenera, koma ntchito ya m'fiyeta imatha m'ola limodzi kapena awiri, pamene masabata okonzekera ndi zaka zotsatira ndi zimene zimaonetsa ngati opaleshoniyo yathandiza kapena yadzetsa matenda atsopano. Chipatala chilichonse chili ndi ndondomeko yake, choncho pamene malangizo a dokotala wanu asiyana ndi zimene zalembedwa pano, tsatirani a dokotala wanuyo.

Zimene dokotala amachita m'mimba

Anthu ena amaganiza kuti opaleshoniyi ndi yochotsa mafuta m'thupi, koma si choncho, chifukwa chimene chimasinthidwa ndi chifu, ndipo nthawi zina matumbo. Njira yofala kwambiri masiku ano imatchedwa sleeve gastrectomy, ndipo dokotala amadula n'kuchotseratu pafupifupi magawo atatu mwa anayi a chifu, n'kusiya kagawo kakatali kooneka ngati nthochi. Chimene chachotsedwa sichibwezeretsedwanso. Njira yachiwiri ndi gastric bypass, imene Edward Mason anayamba kuchita ku yunivesite ya Iowa ku America mu 1966. Pa njirayi dokotala amapanga kathumba kakang'ono ngati dzira kumtunda kwa chifu, n'kukalumikiza ndi matumbo aang'ono, moti chakudya chimalambalala chifu chotsalacho pamodzi ndi chigawo choyamba cha matumbo. Masiku ano maopaleshoni ambiri otere amachitika kudzera m'timabowo ting'onoting'ono pamimba, momwe amalowetsa kamera ndi zipangizo zazitali, osang'amba mimba yonse.

Kuchepa kwa chifu si chifukwa chokha chimene munthu amaondera. Gawo la chifu limene limachotsedwa pa sleeve ndi limene limatulutsa ghrelin wambiri, yemwe ndi holomoni yochititsa njala imene asayansi a ku Japan anaitulukira mu 1999, ndipo pa bypass matumbo amayamba kutulutsa maholomoni ambiri ochititsa kuti munthu amve kukhuta komanso othandiza kuti shuga wa m'magazi atsike. N'chifukwa chake odwala matenda a shuga ena amaona shuga wawo atatsika patangopita masiku ochepa, thupi lisanayambe n'komwe kuoneka kuti lachepa. Posankha njira, uzani dokotala ngati mumavutika ndi chilungulira, popeza sleeve imatha kuchikulitsa pamene bypass nthawi zambiri imachichepetsa.

Ndani amene amayenera opaleshoniyi

Madokotala amayambira pa nambala yotchedwa BMI, imene imapezeka pogawa kulemera kwa munthu m'makilogalamu ndi kutalika kwake m'mamita kochulukitsidwa ndi kutalika komweko. Munthu wolemera makilogalamu 110 amene ndi wamtali mamita 1.65 ali ndi BMI yopitirira pang'ono 40. Kuyambira mu 1991 muyezo wodziwika unali BMI ya 40, kapena ya 35 ngati munthuyo ali ndi matenda obwera chifukwa cha kunenepa, monga shuga, kuthamanga kwa magazi kapena kubanika kutulo. Mu 2022 mabungwe awiri akuluakulu a madokotala a maopaleshoniwa, ASMBS ndi IFSO, anatsitsa muyezowo kufika pa 35, komanso pa 30 kwa amene ali ndi matenda ngati shuga. Amene akukhala ku Britain adziwe kuti malangizo a NICE, bungwe lopereka malangizo a zaumoyo m'dzikolo, amalola kutsitsa muyezo ndi 2.5 kwa anthu akuda ochokera ku Africa ndi mitundu ina ingapo, chifukwa anthu amenewa amayamba kudwala shuga ndi mtima thupi lisanafike ponenepa kwambiri.

Pa funso lakuti kodi opaleshoniyi imatalikitsadi moyo, umboni wotchuka unachokera ku Sweden, kumene kafukufuku wina wamkulu anayamba mu 1987 kutsatira anthu oposa 4,000, ndipo zotsatira zimene zinafalitsidwa mu 2007 zinaonetsa kuti imfa zinali zochepa pakati pa amene anachitidwa opaleshoni poyerekeza ndi amene sanachitidwe. M'zipatala zozolowera ntchitoyi, amene amamwalira chifukwa cha opaleshoni yeniyeniyo ndi pafupifupi munthu mmodzi pa anthu 1,000 alionse. Nambala imeneyi ndi ya zipatala zozolowera, ndipo muli ndi ufulu wofunsa dokotala kuti iyeyo amachita maopaleshoni otere angati pa chaka.

Miyezi ndi masabata okonzekera

Yembekezerani kuonana ndi anthu angapo, osati dokotala wa opaleshoni yekha. Pamakhala katswiri wa kadyedwe, dokotala wogonetsa odwala, ndiponso nthawi zambiri katswiri wa zamaganizo. Womalizayu anthu ambiri amamuopa poganiza kuti akufuna kuwapezera chifukwa chowakanira, koma ntchito yake ndi kufufuza ngati munthu amadya pofuna kuiwala nkhawa, ngati amamwa mowa mopitirira muyezo, kapena ngati ali ndi matenda ovutika maganizo amene ayenera kuthandizidwa kaye. Kubisa zinthu zimenezi n'kudzipweteka nokha, chifukwa chifu chikachepa vuto limene linkakupangitsani kudya limakhala likadalipo.

Adzakuyezani magazi kuti aone shuga, impso, chiwindi, ayironi, vitamini B12 ndi vitamini D, popeza anthu ambiri onenepa amapezeka kuti ali kale ndi vuto la kuchepa kwa zinthu zimenezi. Ena amalowetsedwa kamera kukhosi kuti aone ngati m'chifu muli zilonda kapena kachilombo kotchedwa Helicobacter pylori, kamene kayenera kuphedwa ndi mankhwala opaleshoni isanachitike. Ngati mnzanu wogona naye amadandaula kuti mumaliza mkonono kwambiri ndipo nthawi zina mumasiya kupuma, nenani, chifukwa vuto limeneli limaopsa kwambiri munthu akapatsidwa mankhwala ogonetsa. Fodya ayenera kusiyidwa kutatsala masabata asanu ndi limodzi kapena kuposerapo, ndipo si wosiya kwa kanthawi chabe, chifukwa amachedwetsa kupola kwa misoko ya m'kati komanso amayambitsa zilonda pamalo polumikizidwa.

Tengani mankhwala onse amene mumamwa, ali m'mapaketi ake, mukaonetse dokotala. Mapiritsi olera amene ali ndi estrogen nthawi zambiri amasiyidwa kutatsala mwezi umodzi chifukwa amaonjezera chiopsezo cha kuundana kwa magazi. Mankhwala osungunula magazi, a shuga, jakisoni wochepetsa thupi monga semaglutide, ngakhalenso mankhwala azitsamba, onse ali ndi malangizo ake. Amene amamwa ma ARV ayenera kuuza madokotala a opaleshoni komanso a kukiliniki kumene amalandira mankhwalawo nthawi ikadalipo, kuti akonzeretu mmene adzawamwere m'masiku amene kumeza piritsi lalikulu kudzakhale kovuta.

Chimene chimavuta anthu ambiri ndi zakudya za masabata awiri kapena anayi omaliza. Mudzauzidwa kudya zochepa kwambiri, pafupifupi makalori (muyezo wa mphamvu ya m'chakudya) 800 mpaka 1,000 pa tsiku, zopanda shuga, mafuta ndi zakudya zokhutitsa zambiri monga nsima, mpunga, buledi ndi mbatata. Cholinga chake si kuyesa kupirira kwanu. Chiwindi chimakhala pamwamba pa chifu, ndipo mwa munthu wonenepa chimakhala chachikulu, chodzaza mafuta ndiponso chosachedwa kutuluka magazi, moti dokotala amayenera kuchitukula kuti afike pamene akufuna kugwira ntchito. Zakudya zimenezi zimachepetsa chiwindicho. Amene amaona usiku womaliza ngati mwayi wotsanzikana ndi nyama yootcha ndi tchipisi amatha kuchititsa kuti dokotala, atalowetsa kamera n'kuona chiwindi chotupa, aimitse opaleshoni. M'masiku oyambirira mutu umawawa ndipo thupi limafooka, koma zimenezi zimachepa. Odwala shuga amene amabaya insulin asayambe zakudyazi asanauzidwe mmene angachepetsere mankhwala awo.

Ngati mukukachitira opaleshoniyi kunja, monga ku South Africa, ku India kapena ku Turkey, funso lofunika kuposa mtengo ndi lakuti adzakusamalirani ndani mukabwerera kwanu. Musananyamuke pezani dokotala wakwanu amene wavomera kumakuyezani magazi, fufuzani kumene mudzagule mavitamini mwezi ndi mwezi, ndipo werengerani ndalama zokhalira kunjako masiku okwanira, chifukwa mavuto oopsa kwambiri amaonekera m'masabata awiri oyambirira ndipo ulendo wautali wa pandege umaonjezera chiopsezo cha kuundana kwa magazi m'miyendo.

M'chipatala

Mudzauzidwa kusiya kudya kutatsala maola asanu ndi limodzi, ndipo madzi mudzasiya kutatsala pafupifupi maola awiri. Mukadzuka, kukhosi kumakhala kowawa chifukwa cha chubu chopumira, pamakhala nseru, ndipo ambiri amadabwa kumva kupweteka paphewa pamene opaleshoni yachitika pamimba. Kupwetekaku kumabwera chifukwa cha mpweya umene amapopera m'mimba kuti dokotala aone bwino, ndipo kumatha pakapita masiku ochepa. Anamwino adzakudzutsani kuti muyende tsiku lomwelo, ngakhale mutafuna kugona, ndipo adzakuvekani masokosi othina komanso kukubayani jakisoni woletsa magazi kuundana. Anthu ambiri amatuluka pakapita tsiku limodzi mpaka atatu.

Musatuluke musanalandire chikalata chofotokoza opaleshoni imene mwachitidwa, dzina lake lenileni, ndi nambala ya foni yoimbapo usiku.

Zizindikiro zofuna kuthamangira kuchipatala

Vuto limene madokotala amaliopa kwambiri ndi kudontha kwa msoko wa m'kati, pamene zam'chifu zimatayikira m'mimba. Silichitika kawirikawiri, koma likachedwa kuzindikiridwa limapha. Chizindikiro chake choyamba nthawi zambiri si ululu woopsa, koma mtima wothamanga kupitirira ka 120 pa mphindi munthu atangokhala, kutentha thupi, kupuma mofulumira, ndiponso kumva kuti chinachake m'thupi sichili bwino. Kutupa ndi kuwawa kwa katumba wa mwendo umodzi, kupweteka pachifuwa, kubanika, kusanza magazi kapena chimbudzi chakuda bii, zonsezi n'zosayenera kudikira kuti kuche. Kusanza kosalekeza kwa masiku angapo nakonso n'koopsa mwanjira imene ambiri saidziwa, chifukwa thupi limasunga vitamini B1 wokwanira masabata ochepa okha, ndipo akatha ubongo ndi mitsempha zimaonongeka, munthu n'kuyamba kusokonezeka, kudzandira poyenda kapena kuona zinthu ziwiriziwiri. Mukafika kuchipatala chilichonse, mawu anu oyamba akhale akuti munachitidwa opaleshoni yochepetsa chifu.

Kuphunziranso kudya

M'masabata awiri oyambirira mudzangomwa zamadzimadzi zosefa bwino, monga mkaka, chambiko chosungunula, msuzi wa nkhuku kapena wa nyemba wopanda zidutswa. Masabata awiri otsatira ndi a zakudya zopera mpaka kusalala ngati phala la mwana, kenako zakudya zofewa zimene zimaphwanyika ndi foloko, monga dzira lofwafwaza, chambo chophika chochotsedwa minga yonse, nyemba zopsa bwino ndi maungu. Zakudya wamba zimayambika pakapita masabata pafupifupi asanu ndi limodzi. Kudumpha sitepe chifukwa mukumva bwino n'kuika misoko pangozi.

Taganizirani mbale yoyamba ya zakudya zopera. Ndi kambale ka mwana, muli masupuni atatu kapena anayi okha, ndipo mukudya ndi kasupuni ka tiyi. Mukameza kamodzi mumaika kasupuniko pansi n'kudikira, moti chakudya chimene kale chikanatha m'masekondi ochepa chimatenga mphindi 20. Kukhuta sikumvekanso m'mimba ngati kale, koma kumamveka ngati kuthina kuseri kwa fupa la pachifuwa, ndipo ena amayamba ntchofu m'mphuno, kugeya kapena chintchikwi. Supuni imodzi yoonjezera pamenepo imabweretsa ululu, malovu ambiri ndi kusanza. Pamatenga masabata kuti munthu azolowere kusiya kudya chizindikirocho chisanafike.

Malamulo awiri amavuta kuwasunga limodzi. Loyamba ndi lakuti muzimwa madzi okwana lita imodzi ndi theka kapena awiri pa tsiku, ndipo lachiwiri ndi lakuti musamwe chilichonse pamene mukudya, komanso kwa mphindi 30 musanadye ndi mutadya. Popeza simungathe kugugudiza kapu yonse, njira yokhayo ndi kuyenda ndi botolo n'kumapsontha pang'onopang'ono tsiku lonse. Kuchepa kwa madzi m'thupi ndi chimodzi mwa zifukwa zazikulu zimene anthu amabwererera kuchipatala m'mwezi woyamba, makamaka m'nyengo yotentha, ndipo mkodzo wachikasu kwambiri ndi chenjezo lokwanira.

Zakudya zomanga thupi ndizo ziyenera kuyamba kulowa, magalamu 60 mpaka 80 a mapuloteni pa tsiku. Dzira limodzi lili ndi magalamu pafupifupi 6 ndipo kapu ya mkaka ili ndi pafupifupi 8, choncho mukuona kuti kukwanitsa muyezowu ndi chifu chaching'ono ndi ntchito yofuna kuwerengera. Kwa ife amene tinakula tikudziwa kuti nsima ndiye chakudya ndipo ndiwo n'zongothandiza kumeza, apa pamafunika kutembenuza mbale: nsomba, mazira, nyemba, soya kapena nkhuku zikhale chakudya chenichenicho, masamba atsatire, ndipo nsima ikhale mbamu yaing'ono yomalizira ngati malo atsala. Nsima yolimba, buledi wofewa, mpunga ndi nyama youma ndi zimene zimakonda kutsamira pachifuwa m'miyezi yoyambirira.

Amene achitidwa bypass, ndiponso ena a sleeve, amakumana ndi vuto lotchedwa dumping akadya kapena kumwa zotsekemera kwambiri. Shuga amathamangira m'matumbo, ndipo pakapita mphindi 10 mpaka 30 munthu amatuluka thukuta, mtima umagunda, mimba imapota, kenako amatsegula m'mimba. Mtundu wina umabwera pakapita ola limodzi mpaka atatu, pamene shuga wa m'magazi amatsika kwambiri munthu n'kuyamba kunjenjemera ndi kuchita chizungulire. Tiyi wa masupuni atatu a shuga, thobwa lotsekemera, zakumwa zoziziritsa kukhosi ndi keke ya paukwati zikhoza kukuchititsani zimenezi. Mowa nawo umalowa m'magazi msanga kuposa kale, moti botolo limodzi limaledzeretsa, ndipo kafukufuku waonetsa kuti anthu ena amayamba uchidakwa patapita zaka atachitidwa bypass.

Mavitamini ndi mankhwala

Pa zonse zimene zalembedwa pano, gawo limene ndikuona kuti anthu amalipeputsa kwambiri ndi ili. Mavitamini ndi a moyo wonse, osati a chaka choyamba chokha. Nthawi zambiri pamafunika piritsi la mavitamini osiyanasiyana tsiku lililonse, kashiamu ndi vitamini D, ayironi makamaka kwa amayi amene akusamba, ndi vitamini B12, amene ku Britain amaperekedwa kudzera mu jakisoni miyezi itatu iliyonse. Kuipa kwake n'kwakuti munthu akasiya kumwa samva kanthu kwa miyezi kapena zaka, ndipo akamadzayamba kufooka, kuchepa magazi, dzanzi m'mapazi kapena kuthyoka mafupa, zina zimakhala zitaonongeka kale mosabwerera. Ayironi ndi kashiamu musamwere limodzi chifukwa zimatsekerezana. Amene amamwa ma ARV okhala ndi dolutegravir adziwe kuti ayironi ndi kashiamu zimalepheretsa mankhwalawa kulowa bwino m'thupi akamwera pamodzi m'mimba mulibe kanthu, choncho afunse kukiliniki za nthawi yomwera, komanso ayezetse kuchuluka kwa kachilombo m'magazi opaleshoni ikachitika.

Mankhwala opha ululu monga brufen, diclofenac ndi aspirin amayambitsa zilonda pamalo polumikizidwa, choncho apewedwe, makamaka pa bypass, pokhapokha dokotala atalamula. Panado ndi amene amaloledwa. Mankhwala a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi amafunika kuchepetsedwa msanga pamene thupi likutsika, koma wochepetsa akhale dokotala atayeza.

Chaka choyamba ndi zaka zotsatira

Ogwira ntchito ya mu ofesi amabwerera pakapita masabata awiri kapena anayi, koma kunyamula zolemera, kulima ndi kusenza ndowa ya madzi kudikire masabata asanu ndi limodzi. Kuyenda pansi kuyambe nthawi yomweyo ndipo kuzionjezeka tsiku ndi tsiku.

Thupi limatsika mofulumira m'miyezi isanu ndi umodzi yoyambirira, kenako pang'onopang'ono mpaka chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo ambiri amataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi kapena atatu a kulemera kwawo konse. Munthu wa makilogalamu 110 uja angayembekezere kufika cha m'ma 80, osati kubwerera pa thupi la ali kusekondale. Pamakhala masabata amene sikelo imaima osasuntha, ndipo zimenezi sizitanthauza kuti opaleshoni yalephera. Pakati pa mwezi wachitatu ndi wachisanu ndi chimodzi tsitsi limathothoka kwambiri, koma limameranso. Kuonda mofulumira kumayambitsa miyala m'ndulu, ndipo madokotala ena amapereka mankhwala oteteza kwa miyezi isanu ndi umodzi. Khungu lotsala limalendewera pamimba, m'mikono ndi m'ntchafu, ndipo masewera olimbitsa thupi salichotsa.

Amayi amalangizidwa kupewa kutenga pakati kwa miyezi 12 mpaka 18, ndipo apa pamafunika kusamala chifukwa ambiri amene ankavutika kubereka amayamba kutenga pakati mosavuta thupi likatsika. Mapiritsi olera sadalirika pambuyo pa bypass, choncho lupu kapena impulanti ndi zimene zimalimbikitsidwa. Mukadzakhala woyembekezera, uzani azamba za opaleshoniyi pa sikelo yoyamba, chifukwa kuyeza shuga pomwetsa madzi otsekemera sikuyenera munthu wa bypass.

Konzekeraninso pakamwa pa anthu. M'madera athu kunenepa kumaonedwa ngati chizindikiro cha kupeza bwino, ndipo munthu akaonda mwadzidzidzi mphekesera za matenda sizichedwa kuyamba. Pamaliro, paukwati kapena kwa apongozi, kusiya chakudya m'mbale kumaoneka ngati mwano. Ndi bwino kusankhiratu anthu ochepa amene mudzawauze zoona, komanso kukhala ndi yankho lalifupi la ena onse, monga lakuti adokotala anakuletsani kudya kwambiri. Ngati mtima wayamba kulemera, tulo tasowa, kapena mwayamba kuganiza zodzivulaza, pitani kuchipatala msanga, chifukwa vuto limeneli limadziwika bwino pakati pa anthu ochitidwa opaleshoniyi ndipo lili ndi chithandizo.

Pakapita zaka ziwiri njala imabwerera pang'ono ndipo makilogalamu ena amabwereranso, zomwe zimachitikira anthu ambiri. Chimene chimawabweza mochuluka ndi kudya timadyatimadya tsiku lonse, monga mabisiketi, mtedza wokazinga ndi zakumwa za shuga, zimene zimadutsa m'chifu chaching'ono popanda kukhutitsa. Matenda a shuga amene anazilala akhoza kuyambiranso, n'chifukwa chake magazi amayezedwa kangapo m'chaka choyamba, kenako kamodzi chaka chilichonse kwa moyo wonse. Kwa amene anachitidwa bypass, kupweteka kwa m'mimba koopsa ngakhale patapita zaka zisanu kukhoza kukhala kupotana kwa matumbo m'mipata imene opaleshoni inasiya, ndipo dokotala wa kuchipatala cha m'boma lanu adzaganizira msanga za vutoli ngati mwamuonetsa chikalata chija chimene munalandira potuluka.